Dokotala Wosabaya Jakisoni

Pali dandaulo lina limene likumveka kawirikawiri m'malokeshoni athu a Blantyre, pa kiyosiki ya madzi, pa chigayo, ngakhale pakhomo la tchalitchi Misa itatha. Mayi wapita ku chipatala ndi mwana wa zaka 4 amene sanayambe kuyankhula, ndipo pobwera anzake amufunsa kuti, "Nanga akuti chiyani adokotala?" Iye ayankha mokhumudwa: "Palibe chimene achita. Angondifunsa mafunso ambirimbiri, amuseweretsa ndi kapu ndi supuni, basi akuti tidzabwerenso mwezi wa mawa. Ngakhale panado sadatipatse." Pamenepo bwalo limagamula mlandu msangamsanga: ndalama ya minibasi yapita pachabe, matenda amenewa si a chipatala, kuseri kwa phiri kuli bambo wina amene amaziona bwino zoterezi.

Ine chigamulo chimenechi ndikuchikana, ndipo ndikuchikana poyera. Dokotala uja wagwira ntchito, imodzi mwa ntchito zovuta koposa zimene zimachitika m'chipatala. Ndikati dokotala ndikutchula monga timatchulira tonse. Akhoza kukhala dokotala wa ana, clinical officer, namwino wa za maganizo, kapena wa mafizo. Vuto lili mwa ife amene tidazolowera kuyesa chithandizo ndi ululu wa jakisoni, kotero kuti munthu wotipatsa ola lathunthu la nthawi yake timamuona ngati watimana.

Tiyambe tawadziwa ana amene tikukamba. Pali mwana amene umamuitana dzina osacheuka, chonsecho pepala la switi likangoti khwaa kuseri kwa chitseko watembenuka kale. Sayang'ana munthu m'maso. Ndege ikamadutsa kupita ku Chileka saloza kuti amake aione nawo. Amandandalika zitsekerero za mabotolo mumzere tsiku lonse, ndipo wina akasuntha chimodzi, kulira kwake kumamveka nyumba zitatu. Phokoso la chigayo kapena la zokuzira mau limamupweteka ngati moto. Madokotala amati autism. Pali wina wosakhazikika ngakhale mphindi ziwiri, woyamba kuchita asanaganize, amene ndodo zathera pa iye koma osasintha. Ameneyo akhoza kukhala ndi chimene amati ADHD. Pali winanso wochenjera pakamwa, wowerengera chenji pa msika wa Ndirande kuposa akulu, koma zilembo zimamusokonekera pa pepala mpaka wabwereza Sitandade 3 katatu. Imeneyo amati dyslexia. Ndipo pali ochedwa pa zonse, kukhala, kuyenda, kuyankhula. Masiku ano ophunzira amawatchula ana otere ndi mau amodzi a Chingerezi akuti neurodivergent, kutanthauza kuti ubongo wao umagwira ntchito m'njira yakeyake, yosiyana ndi ya ambiri. Ife tili nawo maina athu, ochititsa manyazi kuwalemba pa tsamba lino: chitsiru, chidzete, wozerezeka, wamwano.

Tsono taonani chimene amachita munthu wophunzira ntchito imeneyi. Autism sioneka m'magazi. Si malungo, amene kadontho ka pa chala kamawaulula pasanathe theka la ola. Zida zake za dokotala pano ndi maso, makutu ndi nthawi. Amayambira ku mimba: kodi mayi adadwala ali woyembekezera? Kodi mwana adabadwa masiku atakwana? Kodi adalira atangobadwa, kapena anamwino adayamba alimbana naye? Kodi adachita chikasu sabata yoyamba? Amafunsa mwezi umene adakhala pansi yekha, umene adakwawa, umene adayenda. Amafunsa ngati adayamba kutchula mau ena kenaka mau aja n'kuzimirira. Ndipo pofunsa mayi, diso lina lili pa mwana, kuona chimene akuchita ndi kapu ija, kuona ngati akapeza chomusangalatsa amatembenuka kufuna nkhope ya amake. Potsiriza amafunsa ngati mwanayo adakomokapo ndi malungo.

Funso limeneli ndi lalikulu kwa ife a Blantyre. Pa chipatala cha Queen Elizabeth, chimene tonse timati Gulupu, Dr Terrie Taylor ndi Professor Malcolm Molyneux adayamba kufufuza malungo a mu ubongo m'zaka za m'ma 1980, ndipo muyeso wa kukomoka kwa mwana umene adaufalitsa mu 1989 ukudziwika pa dziko lonse ndi dzina la mzinda wathu, Blantyre Coma Score. Mu 2010 Dr Gretchen Birbeck ndi anzake adasindikiza zimene adapeza potsatira ana 132 amene adapulumuka ku malungo oterewa pa Gulupu pomwepo. Ana 12 adayamba kugwa khunyu, 14 adasintha khalidwe n'kukhala aukali ndi osakhazikika, ndipo powerengera zonse, pafupifupi mwana mmodzi mwa atatu alionse adatsala ndi vuto lina la mu ubongo. Alipo ana m'nyumba zathu amene akukwapulidwa kuti ayamba mwano chibwerere ku chipatala, pamene mwano wao ndi chipsera cha malungo.

Apa ndi pamene ntchito imavutira, pakuti zinthu zosiyana kutalitali kunja zimaoneka chimodzimodzi. Mwana wosayankhula akhoza kukhala wosamva chabe, mafinya a m'khutu atamuononga. Ameneyo afunika kuyezedwa makutu, ndipo malo oyezera alipo pa Gulupu. Mwana amene mphunzitsi akuti amalota masana akhoza kukhala ndi mtundu wina wa khunyu umene sugwetsa munthu pansi, umangomuzimitsa kamphindi, kambirimbiri pa tsiku. Mwana wosakhazikika akhoza kukhala wanjala, woperewera magazi, kapena wamantha ndi zibakera zimene amaziona usiku kunyumba. Akhozanso kukhala kuti akumwa phenobarbitone, mankhwala akale a khunyu amene ana ena amawachititsa kujijirika. Dokotala amene angapereke dzina pa ulendo woyamba, mwana asanazolowere chipinda, akanali wobisa nkhope m'chitenje cha amake, angakhale akungolota. Akulu adati kuona maso a nkhono n'kudekha. Mau aja akuti "mudzabwerenso" ndi a munthu amene akukana kukunamizani.

Kapu ndi supuni zija nazonso si masewera. Kale madokotala athu ankagwiritsa ntchito miyeso yochokera ku America ndi ku Ulaya, imene inkafunsa mwana wa ku Malawi zinthu zimene sadazionepo chibadwire, ndipo mwana wanzeru ankalephera chifukwa cha funso, osati chifukwa cha mutu wake. Ndiye Dr Melissa Gladstone ndi anzake a ku College of Medicine ya ku Blantyre konkuno adakhala pansi ndi makolo a m'midzi kuwafunsa kuti mwana wokula bwino amamudziwira chiyani. Adayesa ana oposa 1,400, ndipo mu 2010 adatulutsa Malawi Developmental Assessment Tool, mwachidule MDAT. Muli zinthu 136 zoyesera mwana kuyambira khanda mpaka zaka 6, zogawidwa panayi: kayendedwe ka thupi, luso la zala, chiyankhulo, ndi kakhalidwe ndi anthu. Muyeso umenewu sunena wokha kuti mwana ali ndi autism. Umaonetsa pamene wafika ndi pamene watsalira poyerekeza ndi anzake a msinkhu wake a dziko lomwe lino. Maiko ena ambiri adaubwereka. Ife eni ake tikuti mwana angomuseweretsa.

Yerekezani tsono ndi kumene timathamangira. Kwa sing'anga, ndiponso kwa aneneri ena amene achuluka masiku ano, yankho silichedwa. Palibe wofunsa za chikasu, palibe woyeza khutu. Mwana asanakhale pansi, wolakwa wapezeka kale. Ngati bambo ali ndi golosale yoyenda bwino, ndiye kuti adakhwimira mwana wake, adatenga nzeru zake n'kuziika mu bizinesi. Ngati bambo ndi wosauka, mlandu ugwera mayi, kuti adayenda njira zoipa ali ndi pakati. Onse awiri akakhala opanda banga, kumudzi kuli agogo. Nkhalamba yonamizira sisowa. Banja lilipira, mwana atemedwa mphini, kapena asalitsidwa kudya ndi kukuwiridwa m'khutu usiku wonse, mwana yemwe uja phokoso limamupweteka ngati moto. Lamulo la za ufiti la 1911 limaletsa kunena munthu kuti ndi mfiti, koma m'nyumba za lendi lamulo limafika mochedwa. Ukwati umakhala utatha kale, bambo atapita ku Joni kapena ku lokeshoni ina, mayi atatsala yekha, wokhomera mwana m'nyumba pamene iye akupita kukagulitsa mandasi.

Sindikunyoza pemphero, ndikadakhala wonyoza pemphero sindikadavala mkanjo. Koma pemphero lothera pa kuloza chala mkazi wamasiye ndi mlandu wopanda mboni. Ndipo tisanamizane, abale anga: olozera mayi njira ya kuseri kwa phiri Lachitatu, kawirikawiri ndi omwewo timakhala nawo pa mpando umodzi Lamulungu.

Tisaganizenso kuti kuloza chala mayi ndi umbuli wa ife tokha. Dr Leo Kanner, amene adafotokoza autism mu 1943 ataona ana 11 ku Baltimore, adakayikira makolo ao kuti ndi ozizira mtima, ndipo Bruno Bettelheim wa ku Chicago adafalitsa chiphunzitso chimenechi m'zaka za m'ma 1960, mpaka amayi a ana otere ku America ankatchedwa mafiriji. Mu 1998 dokotala wina wa ku London, Andrew Wakefield, adanamizira katemera wa chikuku. Magazini ya The Lancet idachotsa nkhani yake mu 2010, ndipo chaka chomwecho adalandidwa chilolezo cha udokotala. Kusiyana kwake n'kwakuti a chipatala adafufuza, adapeza kuti n'zabodza, nazitaya. Lero n'zodziwika kuti autism imachokera makamaka ku chibadwa, monga kutalika kwa munthu kapena mtundu wa khungu lake, popanda wolakwa. Sibwera ndi kaleredwe, sibwera ndi katemera. Kodi mudamvapo woombeza ula atabweza mau ake?

Ena adzati zimenezi ndi matenda a Azungu, kale kunalibe. Kale zinalipo, mudzi uliwonse unali ndi munthu wake wosakwatira, wokhala payekha, wodziwa mbuzi iliyonse ya m'mudzi koma wosatha kulonjera mlendo. Bungwe loona za umoyo pa dziko lonse la WHO lidayerekeza kuti pafupifupi mwana mmodzi mwa ana 100 ali ndi autism. Werengani nokha: sukulu ya m'lokeshoni ya ana 2,000 iyenera kukhala ndi ana otere okwana 20, ndipo ngati ilibe, afuneni kunyumba kumene adabwezedwa.

Funso lolemera kuposa limeneli ndi lakuti, dzina lipindulanji ngati mankhwala palibe? Ndi zoona, palibe mankhwala ochiza autism, ndipo aliyense wogulitsa botolo lonena choncho ndi mbala. Koma poyamba, kuyeza kuja kumatulukira zimene zili ndi mankhwala. A WHO akuti anthu ofika 70 mwa 100 a khunyu akhoza kusiya kugwa atalandira mankhwala oyenera. Chachiwiri, dzina la ku chipatala limamasula agogo aja ku mlandu wa ufiti, ndipo limachotsa ndodo m'manja mwa mphunzitsi. Chachitatu, ndipo ndicho chachikulu, chithandizo cha ana ambiri otere ndi maphunziro, ndipo wophunzira woyamba ndi kholo. Dokotala amaphunzitsa mayi kutsika kukhala pansi maso ndi maso ndi mwana, kulowa m'masewera amene mwanayo wasankha ngakhale akhale a zitsekerero, kuyankhula mau awiri m'malo mwa khumi, kenaka kudikira. Amamuphunzitsa kunyamula nthochi dzanja ili, chigumu dzanja ilo, kuti mwana aloze chimene akufuna; tsiku limene waloza ndi tsiku limene wayamba kuyankhula, ngakhale pakamwa pasanatuluke kanthu. Amamuphunzitsa kuti mwana wopanda mau akamadziluma kapena kugunditsa mutu ku khoma, uyambe wayang'ana dzino, khutu ndi m'mimba, pakuti alibe njira ina yonenera kuti pakupweteka. Amalembera mphunzitsi kakalata kuti mwana uyu akhale kutsogolo, auzidwe chinthu chimodzi pa nthawi, ndipo akayamba kutakataka atumidwe kukafufuta bolodi. A WHO adakonza maphunziro a makolo a mtundu womwewu, misonkhano 9 ya pagulu ndi maulendo atatu a kunyumba, ophunzitsidwa ndi anthu amene si madokotala aakulu, ndipo adayesedwa kale ku Ethiopia ndi ku Kenya. Zonsezi zimagwira bwino koposa mwana akali wamng'ono, pakuti mmera mpoyamba. Zaka ziwiri zothera m'njira za mphini sizibwerera.

Akulu a m'maofesi ali ndi yankho lao, ndipo si lopusa. Amati dziko lino lili ndi malungo, lili ndi njala, kolera ya 2022 ndi 2023 idapha anthu oposa 1,700, namondwe Freddy adagumula Chilobwe mu Marichi 2023. Kodi ndi nthawi yowerengera zitsekerero za mabotolo? Ine ndiwayankha ndi manambala ao omwe. Kafukufuku wa boma wa 1992 adapeza kuti pa ana 1,000 obadwa, 234 ankafa asanakwane zaka 5. Wa 2015 ndi 2016 adapeza 63. Ndi chinthu chonyaditsa. Koma ambiri mwa ana amene kale tinkawaika m'manda, obadwa masiku asanakwane, obanika pobadwa, okomoka ndi malungo, lero ali moyo, ndipo ena a iwo ubongo wao udakhudzidwa. Amene adawatsitsimutsa ali ndi ngongole kwa iwo. Simungamuvuule mwana mu mtsinje n'kumusiya pa gombe usiku.

Chilema chooneka ndi maso tidachichitira kanthu kale. Lamulo la 1971 lidabala MACOHA, ndipo a ku Bangwe akuidziwa fakitale yake yoluka nsalu. Bungwe la Malawi Against Polio, limene lero likutchedwa Malawi Against Physical Disabilities, lidadziwika ndi kutsata odwala m'zipatala za m'maboma m'malo modikira kuti onse abwere ku Kachere. Koleji ya Montfort ku Nguludi idayamba ndi aphunzitsi a ana osaona ndi osamva, ndipo pambuyo pake idawonjezera a ana ovutika kuphunzira. Ku Mzuzu a St John of God ali ndi malo othandizira ana ochedwa kukula, ndiponso koleji yophunzitsa a chipatala za umoyo wa maganizo. Mu 2024 padabwera lamulo latsopano la anthu aulumali, lolowa m'malo mwa la 2012, ndipo MACOHA idasanduka MACODA. Nzeru ilipo, malamulo alipo, muyeso tidapanga tokha. Chosowa n'chakuti ntchito imeneyi sidatsikire mokwanira kumene kuli ana.

Taganizani za mayi wa ku Bangwe. Kuti afike pa Gulupu akwere minibasi mpaka ku Limbe, atsike pakati pa oitanira ndi mahutala, akwerenso ina, ali ndi mwana wa zaka 6 kumsana amene phokoso ndi kuthinana zimamupengetsa. Akafika, mwana watopa, wakwiya, ndipo dokotala akuona mwana wina, osati uja wa kunyumba. Geni ya tsiku limenelo yafa. Adzabwera kawiri, kachitatu sadzabwera, ndipo ife tidzati ndi wosasamala. Pamene dokotala wa m'dera, woyenda m'tinjira ta lokeshoni, amaona zimene sizioneka m'chipinda cha chipatala: mbaula ya moto pakhomo pa mwana wa khunyu, mtsinje wa Nasolo pafupi ndi nyumba ya mwana wothawathawa, mtsikana wa zaka 10 amene adasiyitsidwa sukulu kuti azilera mlongo wake, ndiponso chingwe chimene mwana amamangidwa nacho pa mwendo wa bedi, chimene palibe mayi angachitchule pamaso pa anthu. Amaonanso zabwino zosayembekezeka, monga agogo amene adapeza kale njira yao yomvana ndi mdzukulu, ndipo dokotala wanzeru amaphunzira kwa iwo.

Ntchito yotereyi ndi yolemetsa kwa mwini wake, ndipo ndi bwino tidziwe. Panja pali mzere wa odwala, ndipo iye akakhala ola limodzi ndi mwana mmodzi, a pa mzere amang'ung'udza kuti akucheza ndi mbale wake. Malipoti a pa mwezi amawerenga odwala malungo ndi ana obayidwa katemera; mwana amene waphunzira kuloza nthochi sawerengedwa paliponse. Amanyamula misozi ya mayi amene wamva kwa nthawi yoyamba kuti vutoli si la mwezi umodzi, ndipo ayenera kupeza mau oona, osalonjeza zabodza ndiponso osapha chiyembekezo. Munthu wotero ife timamulipira ndi mau akuti sadachite kanthu.

Chimene ndikupempha kwa a Unduna wa za Umoyo ndi akulu a za umoyo a boma la Blantyre si nyumba yatsopano. Zipatala zazing'ono zilipo kale ku Ndirande, Bangwe, Chilomoni, Zingwangwa, ndi South Lunzu ku Machinjiri. Pa chilichonse pakhale tsiku lodziwika pa mwezi la ana ochedwa kukula ndi osiyana ndi anzao, tsiku limene dokotala saitanidwa kukathandiza mzere wina, ndipo wa mafizo ndi mphunzitsi wa ku Montfort akhala naye pamodzi. Pa sikelo, pamene amayi amabwera kale okha, alangizi a za umoyo asamalekere pa kulemera kwa thupi ndi katemera. Afunse: kodi pa chaka chimodzi mwana amacheuka akaitanidwa dzina? Kodi pa chaka ndi theka amayenda, amaloza, ali ndi mau angapo? Kodi pa zaka 2 amalumikiza mau awiri? Kodi pali chimene ankachita kale chimene wasiya? Mafunso amenewa satha mphindi ziwiri, ndipo sagulidwa ndi ndalama zakunja. Malo osonkhanirapo makolo asakhale chifukwa: maholo a maparishi athu amakhala okiya kuyambira Lolemba mpaka Lachisanu, ndipo makiyi ake ali m'matumba mwa ife ansembe ndi atcheya.

Inu makolo amene tsiku lobwereranso lidalembedwa m'kabuku, pitani. Tengani kabuku ka sikelo ngakhale kakhale kong'ambika. Tengani mankhwala onse amene mwana akumwa, ndi azitsamba omwe, osachita manyazi, pakuti dokotala ayenera kudziwa chimene chili m'thupi mwake. Ngati mwana amagwa kapena amazima, wina amujambule pa foni nthawi imene zikuchitika, mukamuonetse dokotala. Amene amatandala ndi mwana tsiku lonse, kaya ndi agogo kaya mlongo wake, apite nawo. Ndipo bambo asatsale: pali mafunso okhudza ubwana wao ndi wa abale ao amene mayi sangathe kuwayankha.